Mphamba ndi Namzeze

Pansi pa mtengo wa mango woyang'anana ndi depoti,
pamene Che Makwinja amamata machubu a akabaza,
anyamata awiri agundanitsa mitu pa foni yosweka galasi.
Twaibu akuti yaikuluyo, ya injini ziwiri.
Bwanali akuti ayi, kakang'onoko,
taona mmene kapotolokera ngati kaiwala chikwama kunyumba.
Bandulo yatha kanema asanathe.
Mkangano sufuna bandulo.

Che Makwinja sakweza mutu.
Amiza chubu m'beseni la madzi akuda
kudikira thovu liulule pali bowo.

"Ine ndinaziona," akutero, "osati pagalasi.
Chaka chomwe anatitumiza kunja ku masewera a nkhondo,
mayiko asanu m'chipululu chimodzi,
ife anatipatsa geti ndi matanki a mafuta.
Ndege tinalibe. Tinali ndi makosi,
ndipo anatiwawa sabata zitatu.

Yaikuluyo tinaitcha Mphamba.
Imakuona uli kutali ngati kuchoka pano kukafika ku Namwera;
usanadziwe kuti kumwamba muli awiri
makina alemba kale kuti wafa.
Lolemba inapha kasanu ndi kamodzi
osaonetsa ngakhale mthunzi wake.

Lachitatu akuluakulu anasintha malamulo:
yandikiranani, onanani m'maso ngati agalu pafupa.
Pamenepo Namzeze anadzuka.
Kanthu kopepuka, ka injini imodzi,
kokhota pamene iwe Bwanali sungakhote ndi njinga yako.
Mphamba ikati itembenuke
inkazungulira ngati lole ya simenti pa raundabauti,
kamnzake kali kale kumchira,
kakaka, ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe."

Twaibu akuti mwaonatu, anachita kuimanga manja.
Bwanali akuti mwamuna ndi wapafupi,
wolasa ali patali ndi mfiti.

"Madzulo akufa onse ankabwera ku kantini.
Wophedwa katatu ankapempha mchere kwa womupha,
manja akuuluka pamwamba pa mbale za mpunga,
dzanja ili kuthamangitsa dzanja ilo,
chigongono n'kugwetsa kapu ya tiyi.
Panali mtsikana wamfupi, dzina lake linandikana lilime.
Ndinamuona atavula chisoti,
maso psuu ngati wophikira nkhuni zaziwisi,
anasanza kuseri kwa tayala,
napukuta pakamwa, napempha madzi, nakweranso.
Iyeyo, ali m'chi Mphamba cholemera chomwecho,
anamugwira Namzeze pakhosi kawiri, pafupi pomwe.
Ndiuzeni, pamenepo mulemba dzina la ndege?

Koma kope langa ine linali la malita.
Ola limodzi la kuthamangitsanako
linkamwa mafuta oti ambulansi ya kwa Katuli
ikadatsika nawo phiri mpaka mvula ina.
Ndinkalemba manambala osalakwitsa,
ndikukumbukira usiku umene mayi ake Asiyatu
tinawamangirira ndi chitenje kumbuyo kwa njinga
chifukwa galimoto la chipatala linali louma.
Tinafika pamlatho kukucha.
Zimenezo zisiyeni."

Thovu latuluka, ting'onoting'ono, motsatana.
Chala chawo chagwira pamalopo
ngati chogwira mtsempha wa wodwala.
Akupala ndi chidutswa cha sowo, akupaka guluu,
akuuzira, akudikira.
Mzikiti wa kumsika wayamba kuitana,
minibasi ya ku Liwonde ikusowabe munthu mmodzi.

"Nanga Che, mapeto ake inapambana iti?"

"Tsiku lomaliza kunabwera mphepo ya mchenga.
Zonse ziwiri zinagona pansi atazifunditsa malona,
asilikali a mayiko asanu tili m'mahema, mchenga m'mano.
Kumwamba konse kunatsala khwangwala mmodzi,
akuuluka chammbali ngati woledzera,
ndipo panalibe womulembera zigoli.

Chubu chako ichi, Twaibu.
Ndi ya dzulo ija sunalipire."